Mapu a Bambo Fadrilan

Lilian Makwinja anaphunzitsa jogalafe zaka khumi ndi zinayi pa sekondale ina ku Chikwawa. Atafika ku Canada anamuuza kuti mapepala ake ndi osakwanira, ndipo ngati akufuna kugwiranso choko ayambe wabwerera yekha m'kalasi. Nthawi imeneyo ana anali aang'ono, ndipo mwamuna wake Webster ankalawirira m'mamawa ku Brampton, kumene ankayendetsa kagalimoto konyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Lilian anachita kosi ya kasamalidwe ka okalamba n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo ku Scarborough: kusambitsa, kuveka, kuphika phala, kukumbutsa za mapiritsi. Ntchitoyo ankaigwira bwino ndipo sankadandaula. Koma wina akamufunsa zimene ankachita kumudzi, ankangoti, "Zosiyanasiyana," n'kusintha nkhani.

Mu Febuluwale anamutumiza kwa Bambo Teodoro Fadrilan, a zaka 83, ochokera ku Philippines. Ankakhala okha m'nyumba yosanja pafupi ndi msewu wa Lawrence, momwemo mmene anagwiramo ntchito yoyang'anira nyumbayo kwa zaka zambiri. Akazi awo anamwalira kalekale. Maso awo anali atachita mdima moti ankangoona kuwala kwa zenera ndi zithunzithunzi za anthu, koma makutu ndi mutu zinali zakuthwa.

Tsiku loyamba, Lilian akuwameta ndevu, anamufunsa m'Chingerezi chawo cholemera kuti kwawo ndi kuti.

"Ku Malawi, ku Africa."

"Kuli nyanja yamchere?"

"Ayi, tili pakati pa mayiko ena."

"Ndiye mumadziwa bwanji pamene dziko lanu lathera?"

Lilian anaseka. Anawafotokozera za mtsinje wa Songwe kumpoto, za Ruo kummwera, ndi za mtunda umene umagawa madzi, ena n'kuyenderera ku Zambia, ena ku Malawi. Anazindikira mochedwa kuti walankhula mphindi zisanu, lezala lili m'mwamba.

"Inu ndinu mphunzitsi," anatero a Fadrilan. Sanafunse, anangonena.

"Kale."

"Palibe kale pa zimenezi. Ndizikutchulani Maestra. Kwathu mphunzitsi wamkazi timamutchula choncho. Inu muzinditchula Tatay, ndiye kuti bambo, monga amanditchulira mwana wanga."

Kuyambira tsiku limenelo Lilian anayamba kumva za Romblon. Ndi chigawo cha zilumba zokhazokha pakati pa dziko la Philippines, ndipo a Fadrilan anali atazungulira zonse, chifukwa ali mnyamata ankayendetsa boti la injini lonyamula makalata ndi anthu. Zilumba zazikulu ndi zitatu. Tablas ndi chachitali, chili ndi matauni asanu ndi anayi. Sibuyan chili ndi phiri la mano ngati sowo. Chachitatu, chotchedwanso Romblon, ndi kumene kuli likulu, ndipo kumakumbidwa mwala woyera wosalala umene amasemera mitondo ndi miyala ya pamanda. Pa sherefu yawo panali kamtondo kotero, kolemera ngati chitsulo, kamene ankasinjiramo adyo. Iwo anabadwira pa chilumba chaching'ono cha kumpoto chotchedwa Banton.

"Koma pa pepala langa la kubadwa analemba kuti Jones," anatero tsiku lina akumwa khofi. "Aamereka anatisinthira dzina, n'kutipatsa la munthu wa kwawo. Ndikukayika ngati munthuyo anachiona n'komwe chilumbacho. Dzina lathu tinalitenganso ndili mnyamata wamkulu ndithu."

"Kwathu ku Nsanje azungu ankati Port Herald," anatero Lilian. "Mangochi inali Fort Johnston."

A Fadrilan anamenya tebulo ndi chikhatho, osangalala ngati apeza mbale. Anamuuzanso za linga la miyala ya m'nyanja limene makolo awo anamanga podziteteza kwa adani obwera pa maboti kudzagwira anthu, ndi za nsalu yakale kwambiri imene inapezeka m'phanga la ku Banton, yomwe tsopano imasungidwa ku Manila. Nkhani imene inamusangalatsa kwambiri Lilian inali ya mayina. Akuti Asipanya pogawa mayina a mabanja, dera lililonse analipatsa chilembo chake. A ku Banton ndi zilumba zoyandikana nazo ambiri amayamba ndi F, a ku likulu M, a ku Sibuyan R, a ku tauni ya Looc G.

"Munthu akangotchula dzina, ndadziwa kale doko limene anakwerera boti," anatero.

Kumayambiriro kwa Epulo anatulutsa pempho lawo. Anthu a ku Romblon okhala ku Toronto anali ndi bungwe lawo, ndipo mu Juni linali kukwanitsa zaka makumi atatu. A Fadrilan, monga mmodzi wa oliyambitsa, analonjeza kalekale kuti adzajambula mapu aakulu a chigawo chonse oti adzapachike m'holo pa phwando la bungwelo. Analonjeza maso akadali bwino.

"Zonse zili m'mutu muno, Maestra. Chikusowa ndi dzanja."

Lilian anaganiza masiku awiri. Atavomera, anaika lamulo lake: ntchito ya kusamba, kudya ndi mankhwala izitha kaye, ndipo za mapu azichita m'nthawi yake yopuma, Lolemba ndi Lachisanu masana. Anakagula nsalu yoyera yokhuthala ya mamita atatu, zolembera za inki yosafufutika, guluu ndi mpukutu wa ulusi waukulu. Anakankhira sofa kukhoma n'kuyala nsaluyo pansi. Atagwada ndi rula m'manja kuti ayambe kulemba mizere, manja anakumbukira okha ntchito yawo.

Mwana wa a Fadrilan, Divina, namwino wa ku Markham, anawapeza ali pomwepo Lachisanu lina. Anaima pakhomo, jekete ili m'thupi.

"Tatay, zonsezi zili pa foni. Ndikhoza kukasindikiza mapu okongola mawa lomwe."

"Foni ikudziwa makilomita," anayankha bambo ake. "Kodi ikudziwa kuti mphepo ya kumpoto ikayamba, suwoloka masana kupita ku chilumba cha Simara? Ikudziwa pamene pali chitsime cha madzi okoma?"

Divina anatembenukira kwa Lilian. "Sindikufuna kuti akuvutitseni. Iyi si ntchito yanu."

"Ino ndi nthawi yanga yopuma," anatero Lilian. "Ndipo inali ntchito yanga zaka khumi ndi zinayi. Ndine mphunzitsi wa jogalafe."

Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa mokweza chifikire ku Canada. Divina anayang'ana mizere yowongoka pa nsalupo, n'kuvula jekete, n'kupita kukateleka madzi.

Ntchito inayenda chonchi: Lilian ankatenga maonekedwe a gombe m'buku la mapu limene anabwereka ku laibulale, n'kuwakulitsa ndi pensulo. Akamaliza chilumba ankamata ulusi m'mbali mwake monse kuti a Fadrilan azitsata ndi chala. Iwo ankakhala pa kampando kafupi, n'kumayendetsa chala pang'onopang'ono ngati akuyendetsa boti.

"Tablas mwamunenepetsa apa. Pa Looc pali polowa madzi pakulu, maboti amabisalapo namondwe."

Lilian ankabwerera m'buku n'kupeza kuti akunena zoona. Kwa iye Tablas ankaoneka ngati chinangwa chachitali, ndipo atawauza anaseka mpaka kutsokomola. Pa tauni iliyonse analemba dzina la lero ndi inki yakuda, lakale ndi yofiira: San Agustin amene anali Badajoz, San Andres amene anali Despujols, Banton amene anali Jones. Pakati pa zilumba anajambula njira za maboti ndi timadontho, n'kulembapo maola a ulendo monga a Fadrilan ankawakumbukira. Pa nyanja ya Sibuyan a Fadrilan anamuuza kuti ajambule sitima yaikulu ya nkhondo ya Ajapani imene inamira kumeneko mu 1944. Iwo anali ndi zaka zitatu, koma mayi awo ankasimba za phokoso la ndege la tsiku limenelo mpaka imfa yawo.

Kunyumba, Webster anayamba kuzolowera kumva mayina achilendo pa tebulo.

"Mayi a Justin, masiku ano mukumafika mochedwa koma mukusekerera," anatero madzulo ena akuchotsa nsapato. "Kodi anakupromotani?"

"Ndikudrowa mapu. Matauni seventini, ndipo onse ndawaloweza. Odiongan, Calatrava, Ferrol, Alcantara..."

"Basi, basi. Ine maboma a kwathu omwe ndimasokoneza." Anamuyang'ana kanthawi. "Koma nkhope imeneyi ndinaiona komaliza ku Chikwawa, mukuchonga mayeso. Tsiku la phwandolo ndidzakudropani, ndidzaone nawo."

Vuto linabuka pakati pa Meyi. Lilian anali kumaliza mbali ya kumpoto. Anajambula Banton, Simara, Sibale, ndi tizilumba tiwiri topanda anthu, Carlota ndi Isabel, timene a Fadrilan anati n'tapachibale. M'buku munali kadontho kena kummwera chakumadzulo kwa Banton.

"Tatay, pali kena apa, Bantoncillo. Simunakatchule."

"Timati Gakot. Kasiyeni. Ndi mwala chabe."

"Koma tajambula miyala yocheperapo. Tsiku lija munandiuza kuti ndiike..."

"Ndati kasiyeni."

Mawuwo anatuluka owuma moti Lilian anaika pensulo pansi. Sabata imeneyo sanaitchulenso nkhaniyo, koma inkamudya. Kwa zaka zambiri ankachotsera ana malikisi chifukwa choiwala Chizumulu pojambula Likoma, ndipo malo oyera aja pa nsalu ankamukola m'maso nthawi zonse akagwada. Anafunsa Divina pa foni. Divina anati sakudziwa, kupatula kuti bambo ake aang'ono, a Nestor, anafera pa nyanja iye asanabadwe, ndipo m'nyumba mwawo nkhani imeneyo sinkakambidwa.

Lachisanu lotsatira Lilian ananena maganizo ake mosabisa.

"Mapu ndi anu, ndipo ndichita zimene mwanena. Koma ndikuuzeni ngati mphunzitsi kuti mapu osowa chilumba ndi olakwika, ndipo anthu a kwanu adzaona."

A Fadrilan anaika chala pa gombe la Banton. Kenako anayamba kulankhula, nkhope atalozetsa ku zenera.

Munali mu Novembala 1968. Anali pa doko la Sibale ndi makalata ndi anthu khumi ndi mmodzi opita ku Banton. Mng'ono wawo Nestor, wa zaka 19, ndiye ankayang'anira injini. Nestor anayang'ana mitambo n'kunena kuti agone konko, anyamuke mawa. Iwo anakana. Pa zaka zisanu anali asanachedwetsepo makalata ngakhale tsiku limodzi, ndipo ankanyadira zimenezo. Ali pakati pa nyanja mphepo inatembenuka, injini inamwa madzi n'kuzima, ndipo mafunde anawakankhira kummwera mpaka boti linagubuduka pafupi ndi Gakot.

"Nestor anamira pansi pa boti. Sanatulukenso. Tinakhala pa mwala uja masiku awiri ndikuyang'ana madzi. Makalata a anthu onse anapita. Nditafika kunyumba, mayi sanandikalipire, anangondipatsa chakudya. Sindinayendetsenso boti." Anapukusa mutu. "Mwana uja ananena kuti tidikire."

Lilian anangowauza kuti m'chigumula cha 2015 mayi ake anakhala usiku wonse pa chulu ku Nsanje, ndipo anawapulumutsa munthu wa bwato amene mpaka lero sakumudziwa dzina.

"Wa bwatoyo anapita kukatenga anthu," anatero a Fadrilan. "Ine ndinawapititsa pa ngozi."

Malo aja anakhala oyera. Lilian anamaliza zina zonse, anajambula muvi wosonyeza kumpoto, analemba sikelo pansi, ndipo pakona analemba kuti: Monga anawakumbukira Teodoro Fadrilan. Iwo anaumirira kuti dzina lake likhaleponso, ndipo analilemba ndi zilembo zazing'ono.

Phwando linachitikira m'holo ya tchalitchi china ku Markham, Loweruka masana kukutentha. Webster anathandiza amuna awiri kupachika nsaluyo pakhoma la kutsogolo. Itangotambasuka, anthu anasiya mbale zawo pa matebulo n'kukhamukira komweko. Amayi achikulire ankaloza matauni awo ndi zala zonona mafuta, ena akunyamula adzukulu kuti aone. Mwamuna wina anawerenga mayina ofiira mokweza, n'kuima pa Despujols, n'kunena kuti anali atamva dzina limenelo komaliza pakamwa pa agogo ake. Anthuwo ankalankhula zilankhulo zitatu zosiyana za ku zilumbazo, n'kumasakaniza ndi Chingerezi, ndipo a Fadrilan anakhala pa mpando patsogolo pa mapu atavala malaya awo oyera opeta, chibwano chili m'mwamba.

"Wajambula ndi Maestra uyu," ankauza aliyense wobwera kudzawagwira chanza. "Wa ku Malawi. Dziko lopanda nyanja yamchere. Muyeseni."

Anamuyesadi. Mayi wina anati dzina lake ndi Rios. Lilian anati, "Sibuyan." Bambo wina anati Gaa. "Looc." Mtsikana wina anati Mazo, ndipo Lilian analoza likulu osayang'ana n'komwe. Holo inadzaza kuseka ndi kuwomba m'manja. Webster anaima chakumbuyo ndi mbale ya mpunga ndi nkhumba yootcha, akuuza munthu amene anayandikana naye kuti ameneyo ndi mkazi wake.

Pakati pa phokosolo, mayi wina wamfupi wa imvi anali ataima nthawi yaitali kumbali ya kumpoto, magalasi ali pa mphuno. Anatembenuka n'kufunsa Lilian.

"Gakot ili kuti?"

Lilian anayang'ana a Fadrilan. Iwo anali atamva.

"Ndine ndinauza Maestra kuti aisiye," anatero. "Ndinu ndani?"

"Remedios Festin. Ndasamukira kuno chaka chatha kwa mwana wanga, ndinali ku Winnipeg." Anayandikira n'kuwayang'anitsitsa. "Atandiuza kuti mapu ndi a Fadrilan sindinaganize kanthu, a Fadrilan ndi ambiri. Kodi ndinu Doro wa boti la makalata?"

A Fadrilan anagwira ndodo yawo mwamphamvu.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi," anatero Mayi Festin. "Ndinali ndi mayi anga, tikuchokera ku maliro ku Sibale."

Anthu oyandikira anayamba kukhala chete, ndipo bata linafalikira mpaka kumatebulo a kumbuyo. Mayi Festin sanakweze mawu. Ankalankhula Chingerezi kuti ana obadwira kuno amve. Anati boti litagubuduka iye anatsekeredwa pansi pake, mumdima, ndipo mnyamata wa injini ndiye anamira n'kumukankhira kunja. Mnyamatayo anabwereranso pansi kukafuna ena. Woyendetsa boti anamanga chingwe m'chiuno, n'kusambira mpaka pa miyala, n'kuchimangirira pa thanthwe. Kenako anabwerera. Anatenga munthu mmodzi mmodzi, kupita ndi kubwera m'mafunde aja, mpaka onse khumi ndi mmodzi anafika. Mayi Festin anati iye anaberekedwa kumsana, ndipo ankakumbukira kuti mapewa a munthuyo anali magazi okhaokha chifukwa cha miyala.

"Pa Gakot palibe madzi akumwa. Doro anatitchera madzi a mvula ndi chiguduli cha makalata. Tsiku lachiwiri maboti a asodzi ankadutsa patali osationa. Doro anatsegula chitini cha makalata, anayanika machesi padzuwa, n'kutentha makalata onse pamodzi ndi udzu wauwisi. Ankalira akuwaponya pa moto. Utsi umenewo ndi umene asodzi a ku Simara anaona."

Divina anali ataima kumbuyo kwa mpando wa bambo ake, dzanja lili pakamwa.

"Ndine ndinalakwa kunyamuka," anatero a Fadrilan motsitsa. "Nestor anandiletsa."

"Zimenezo mayi ankazidziwa. Ankanena kuti munalakwa kunyamuka. Ankanenanso kuti tipemphere Doro ndi Nestor tsiku lililonse, ndipo tinkatero." Mayi Festin anakweza dzanja n'kuitana kumatebulo. Anabwera mwamuna wamtali, mkazi wake, ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi mpunga pa tsaya. "Uyu ndi mwana wanga wachiwiri. Ndili ndi ana anayi ndi adzukulu asanu ndi anayi. Ndawauza onse za Gakot. Ndiye lero ndabwera nawo kuti ndiwaonetse, ndipo palibe."

A Fadrilan anatambasula dzanja m'mwamba, ndipo Mayi Festin analigwira ndi manja awiri n'kuliika pa mphumi pake, monga amachitira kwawo polemekeza wamkulu. Mwana wake anachita chimodzimodzi, kenako adzukulu, mmodzi mmodzi.

"Maestra," anatero a Fadrilan. "Cholembera muli nacho?"

Chinali m'chikwama, pamodzi ndi rula, chifukwa Lilian ankaopa kuti inki ingafufutike penapake ponyamula. Webster anabweretsa mpando n'kuugwira, ndipo Lilian anavula nsapato n'kukwera. Anayeza kuchokera pa gombe la Banton, anaika kadontho, n'kujambula kachilumbako mosamala anthu onse akuyang'ana. Analemba Bantoncillo, ndipo pansi pake Gakot.

"Lembani Nestor pambali pake," anatero a Fadrilan. "Nestor Fadrilan, 1968."

Lilian analemba. Divina ndi mwana wa Mayi Festin anawaimiritsa bambowo n'kuwafikitsa pakhoma. Pamalopo panalibe ulusi, ndiye Lilian anatenga chala chawo n'kuchiika pa inki imene inali isanaume bwino. Anakhala choncho kanthawi. Kenako wina kumbuyo anayamba nyimbo ya kwawo, ndipo holo yonse inalandira. Lilian sanamve mawu ake, koma anaimirira chilili pa mpandopo mpaka inatha, chifukwa panalibe potsikira.

Lolemba anafika nthawi yake ya masiku onse, naini koloko. Anapeza Divina atatenga tchuthi, atakhala pansi pambali pa nsalu imene inali itayalidwanso pa balaza, foni ili pa bondo ikujambula mawu. Bambo ake anali pakati pofotokoza mmene ankadziwira doko la Odiongan ndi fungo la utsi wa kokonati.

"Maestra, mwafika bwino," anatero atamva chitseko. "Tili ndi madandaulo. Divina, werenga."

Divina anatenga pepala. Anthu a ku Sibuyan anati mtsinje wa Cantingas mulibe. A ku Santa Fe anati tauni yawo yakankhidwira kumtunda. Bambo wina wa ku San Jose anati chilumba chawo chachepa, ndipo anasiya nambala ya foni. Zonse zinali zisanu ndi ziwiri.

"Wa ku San Jose akunama, chilumba chawo n'chaching'ono basi," anatero a Fadrilan. "Koma za mtsinje akunena zoona, ndinaiwala. Tiyambe ndi umenewo."

Lilian anapachika chikwama pa chitseko n'kupinda manja a bulauzi.

"Choyamba kusamba, Tatay. Mtsinje masana."